Kuchoka ku Salima kukwera ku Dedza n'kubwerako tsiku lomwelo: kakonzedwe ka ulendo wa pa basi

Ife akunyanja tinazolowera kulandira alendo. Loweruka lililonse mabasi amatsika kuchokera ku Lilongwe atadzaza ana asukulu, makwaya ndi magulu a amayi, onse akuthamangira mchenga wa ku Senga Bay. Koma funsani anthu a pa Kamuzu Road kuti ndi angati anakwerapo mapiri aja amaoneka kudzanja lamanja munthu akamalowera ku Chipoka, mupeza ndi ochepa. Ambiri amene anafikako ku Dedza anapitira maliro kapena geni, ndipo anabwerako osaona kanthu. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa kumtundaku kuli zinthu zimene azungu amalipira ndalama zambiri kudzaona, pamene ife tikhoza kudya kadzutsa kwathu, kukaziona, n'kudzagona kwathu konkuno.

Ulendo umene ndikufotokoza ndi wa gulu: banki mkhonde, kwaya, aphunzitsi ndi ana awo, antchito a ofesi imodzi, kapena banja lalikulu. Muchita hayala basi imodzi, mukhala ndi munthu wokuperekezani wodziwa malo, ndipo muona tawuni ya Dedza, zojambula za m'mapanga a Chongoni ndi mishoni ya Mua. Abale a ku Nkhotakota, inu muli ndi mtunda wina woposa makilomita 100 musanafike n'komwe pa Salima, choncho mudzagone kuno dzulo lake, kapena musankhe nkhalango ya Ntchisi imene ili pafupi nanu.

Choyamba, dziwani msewu musanasankhe china chilichonse

Kuchokera pa Salima mutenga msewu wa M5 kulowera kumwera. Muoloka Linthipe, mudutsa Chipoka, Ngodzi, Mtakataka ndi mphambano ya ku Mua, mpaka pa Golomoti. Apa ndi pamene mukhotere kumanja n'kuyamba chitunda cha Khwekhwelere, chimene chikakutulutsireni mu msewu wa M1 pa Masasa. Mukakhotanso kumanja pa Masasa, mudutsa mphambano ya Bembeke n'kulowa m'tawuni ya Dedza.

Tsiku lonse likonzedwe poyang'ana Khwekhwelere. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamene pamayambira nyanja zamchere, pamene tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo ndiyo tawuni yokwera kuposa zonse m'Malawi muno. Mamita oposa 1,000 amenewa basi imawakwera pa kamtunda kochepa, m'makona okhotakhota, phompho lili pambali. Msewuwu ndi watala ndipo masana umayendeka bwino, koma basi yodzaza anthu ndi matumba a mbatata isatsikepo mdima utagwa.

Magulu ambiri amachita chimene chimaoneka chanzeru: amaima kaye pa Mua popita chifukwa ndi panjira. Akamachoka pa Mua dzuwa lakwera, amafika ku Dedza anthu ali ndi njala, chakudya chimachedwa, kumsika amayi sakufuna kubwerera m'basi, ndipo pomaliza dalaivala amapezeka akutsika phiri nyali zili zoyaka. Ine ndimalangiza kuutembenuza ulendowo. Yambani ndi kutali ndi kumtunda, injini ikadali yozizira ndiponso anthu akadali ndi mphamvu. Tsikani phiri dzuwa likadali pamutu, ndipo Mua, amene ali m'munsi mwa phiri ndiponso pafupi ndi kwathu, akhale womaliza. Mukachedwa penapake, chimene chingafupike ndi nthawi yocheza pa Mua, osati chitetezo chanu pachitunda.

Nthawi zake zikhoza kukhala motere. Kunyamuka 5:30 m'mawa. Kuyamba chitunda cha m'ma 7:30. Kufika ku Dedza cha m'ma 9 koloko n'kupitirira kumapanga. Chakudya chamasana chisanakwane 12 koloko. Kumsika 1 koloko. Pofika 2 koloko mukhale muli pa Masasa kuyamba kutsika, 3 koloko muli pa Mua, ndipo 4:30 mwanyamuka. M'miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, choncho ola lililonse lili ndi ntchito yake.

Chachiwiri, mwezi ndi tsiku

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mvula yatha, misewu yafumbi ya kumapanga yauma, ndipo kumwamba kumakhala koyera moti uli pamwamba pa Khwekhwelere umaona chigwa chonse mpaka nyanja. Mu Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba zonsezo. M'dzinja mapiri amabiriwira mokongola, koma M5 wathuyu mukumudziwa mmene amachitira mitsinje ikasefukira, ndipo njira ya kumapanga imaterera.

Posankha tsiku kumbukirani kuti magulu a kuno amakhala osakanikirana. Lachisanu abale achisilamu ali ndi swala, Loweruka ena ali ku Sabata, Lamulungu ena ali kutchalitchi. Gwirizanani poyera. Mukagwirizana, imbani foni ku KuNgoni, malo osungira chikhalidwe a pa mishoni ya Mua, ndi ku Dedza Pottery, malo oumbira makapu ndi mbale, kufunsa ngati tsikulo amatsegula, amatseka nthawi yanji, ndipo gulu lalikulu chonchi amalilandira bwanji. Ngati tsiku lanulo a ku Mua amatseka msanga, sinthani tsiku, kapena yambani ndi Mua koma muchotsepo malo amodzi a ku Dedza kuti mutsikebe kukuwala.

Chachitatu, ndalama

Sankhani anthu atatu: wapampando wa ulendo, msungichuma ndi mlembi. Ndalama zisasungidwe ndi munthu amene akukambirana ndi mwini basi.

Lembani zonse zolipira pa pepala limodzi: hayala, mafuta ngati sali m'kati mwa hayala, chakudya cha dalaivala ndi womuthandiza, malipiro a wokuperekezani, zolowera pa Mua ndi kumapanga, madzi akumwa, ndi kandalama kapadera ka mwadzidzidzi. Mitengo ya zolowera mufunse pafoni sabata lomwelo, ndipo munene kuti ndinu Amalawi, chifukwa malo ambiri okopa alendo amasiyanitsa mtengo wa nzika ndi wa alendo akunja, ndiponso wa ana asukulu ndi wa akuluakulu.

Pogawa, musagawe ndi mipando yonse ya m'basi. Ngati kosita yanu ili ndi mipando 28, gawani ndi anthu 24. Wina amadwala, wina kumagwa maliro, ndipo mwini basi sachotsera mtengo chifukwa mpando uli wopanda munthu. Zikatsala mudzabwezerana. Ikani tsiku lotsekera zopereka, sabata imodzi ulendo usanachitike, ndipo amene akutumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba aonjezere yotapira. Mawu akuti "ndikupatsani m'basi momwemo" musawalole, ngakhale atachokera kwa abusa kapena kwa ahedi.

Chachinayi, basi ndi dalaivala wake

Apa musachite manyazi. Pitani anthu awiri kapena atatu, mmodzi akhale wodziwako za galimoto, mukaione basiyo ndi maso masana. Chithunzi cha pa WhatsApp sichionetsa tayala lakutha. Onani matayala onse ndi sipeya, jeke ndi sipanala ya mawilo. Onani pagalasi lakutsogolo ngati COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) ndi inshulansi sizinathe masiku. Mupemphe dalaivala akuonetseni laisensi yake, ndipo ikhale yomulola kunyamula anthu. Mufunse ngati mapepala a basiyo akuilola kupita ku Dedza pa hayala, chifukwa panjira pali marodibuloko, ndipo ola limodzi lotayika pokambirana ndi apolisi apamsewu likhoza kukudyerani malo athunthu.

Kenako mufunseni dalaivalayo mwaulemu koma mosapsatira: "Adalaivala, Khwekhwelere munayamba mwatsikapo ndi basi yodzaza? Mumatsika ndi giya yanji?" Wodziwa ntchito ayankha mosavuta kuti amatsika ndi giya yotsika, injini ndiyo imagwira galimoto, mabuleki amangothandizira. Amene anazolowera msewu wathyathyathya wa Salima ndi Nkhotakota yekha amakonda kupondereza mabuleki njira yonse, ndipo mabuleki akatentha amasiya kugwira. Woopsa kwambiri ndi amene amachotsa giya potsika kuti apulumutse dizilo. N'chifukwa chake ndi bwino gulu lizigula lokha mafuta, wapampando ali pomwepo pa filing'i siteshoni, kuti dalaivala asakhale ndi chifukwa choumira. Thirani thanki yodzaza dzulo lake. Masiku amene mafuta akusowa, musanyamuke ndi chiyembekezo chokapeza kutsogolo.

Pangano lilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope: tsiku, nthawi yofika basi, malo onse oima, kuti panjira sakweza munthu wina aliyense, ndi chimene chidzachitike basi ikafa. Lipirani theka poyamba, theka lina mutabwerako. Nambala ya galimoto ilembedwenso, kuti m'mawa wa ulendo kusabwere basi ina imene simunaione.

Ngati mwagula malo pa ulendo wokonzedwa kale ndi anthu ochita bizinesi ya zokopa alendo, mafunso ndi omwewa. Onjezanipo awa: mtengowu ukuphatikiza zolowera ndi chakudya? Malo aliwonse tikhalapo nthawi yaitali bwanji? Anthu akachepa, ndalama zibwezedwa liti?

Chachisanu, wokuperekezani

Pa ulendo wotere pamafunika anthu a mitundu iwiri. Woyamba ndi woyenda nanu m'basi kuyambira pa Salima, amene amadziwa njira, amasunga nthawi, amawerenga anthu ndipo amaimbiratu foni kutsogolo. Akhoza kukhala gayidi wa ntchito yake, monga amene amapezeka m'malo ogona alendo a ku Senga Bay, kapena mphunzitsi amene anayendapo njirayi. Ena ndi a pamalopo: pa Mua pali ofotokozera awoawo, ndipo kumapanga kuli osamalira malowo ndi anthu a m'midzi yozungulira odziwa tinjira. Amenewa musawalumphe pofuna kupulumutsa ndalama. Phanga lopanda wofotokoza ndi mwala wokhala ndi timizere basi, ndipo ana adzabwerako osatola kanthu.

Woyenda nanuyo muyeseni musanagwirizane. Mufunseni kusiyana kwa zojambula zofiira ndi zoyera za ku Chongoni, ndiponso kuti kuchoka pamene basi imaima kukafika kuphanga munthu wachikulire amayenda nthawi yaitali bwanji. Amene angoyankha kuti "ndi pafupi, musadandaule" sanafikeko posachedwa. Malipiro ake mugwirizane ulendo usanayambe, ndipo afotokoze m'Chichewa.

Chachisanu ndi chimodzi, zonyamula

Kuzizira kwa ku Dedza munthu wa ku Salima sakukhulupirira mpaka atatsika m'basi. Pa mamita 1,000 alionse okwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye muonjezepo mphepo ya paphiri. Aliyense atenge juzi kapena jekete, ana avale masokosi ndi zipewa, amayi atenge chitenje chapadera. Nsapato zikhale zotseka zogwira pansi. Mapatapata ndi nsapato zazitali zitsale, chifukwa kuphanga n'kokwera pamiyala.

Aliyense akhale ndi chitupa chaunzika. Msewu wa M1 m'dera limeneli umayenda m'mphepete mwa malire a Mozambique, ndipo pa rodibuloko akhoza kufunsa. Ngati mwatenga ana asukulu, mlembi akhale ndi mndandanda wa maina awo, manambala a makolo ndi makalata ovomereza.

Kamba wapanjira akhale wouma: mandasi, zitumbuwa, mtedza, nthochi, mbatata yootcha. Tiyi m'mafulasiki adzakuthandizani pamwamba paja. Thobwa lambiri ndi zamafuta zidikire chitunda chithe, chifukwa makona amatembenuza m'mimba. Amene amachita chizungulire m'galimoto akhale kutsogolo pafupi ndi zenera, aziyang'ana kutali, asamawerenge foni, ndipo majumbo akhale pafupi. Odwala shuga, BP kapena mphumu atenge mankhwala awo m'thumba la m'manja ndipo amuuze wapampando. Ndalama zokagulira zinthu zikhale zosinthasintha.

Tsiku lafika: kukwera

Uzani anthu 5 koloko kuti 5:30 basi igubuduke, ndipo muwauziretu kuti wochedwa atsala. Lamuloli ndi lowawa koma likaphwanyidwa m'mawa silimvekanso tsiku lonse. Njira yosavuta yowerengera anthu ndi yoti aliyense akhale ndi mnzake wokhala naye moyandikana, ndipo mpando umene wakhala popita ndi womwewo mpaka kubwerera.

Imani pang'ono pa Golomoti kuti anthu adzithandize ndipo dalaivala aone madzi ndi matayala. Chitunda chikayamba, wailesi itsike, kwaya ipume kaye, ndipo pasakhale woimirira. Makutu akatseka, mezani malovu kapena yasamulani. Mudzaona mitengo ikusintha pamaso panu: milambe ya kuchigwa imatsala m'munsi, kumabwera misuku ndi mitengo ya tsamba, kenako minda ya mbatata ya kachewere ndi kabichi. Mukapeza nkhungu, zimene zimachitika m'mawa wa Juni ndi Julaye, dalaivala ayatse nyali ndi kuyenda pang'onopang'ono, ndipo musamufulumizitse.

Malo oonera chigwa asankhe ndi dalaivala, pamene basi ingatuluke yonse mumsewu, osati pakona. Mphindi 15 zikwana. Tembenukirani kumene mwachokera: chigwa chonsecho ndi mbali ya chigwa chachikulu chimene chinang'ambika kudutsa kum'mawa kwa Africa, ndipo nyanja yathu yagona m'kati mwake. Mwana amene anaphunzira zimenezi pa bolodi amazimvetsa pamalo amenewa. M'mbali mwa msewu womwewu muli amisiri osema tigalimoto, tinjinga ndi tindege tamatabwa. Onani popita, mudzagule pobwerera. Injini ikatentha, imani, dikirani izizire, ndipo wina asatsegule chotsekera cha rediyeta ikadali yotentha.

Kumapanga a Chongoni

Apa ndi pamene ndikufuna mukhalitse. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Malo odziwika amene alendo amapitako ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Kwa gulu la tsiku limodzi lochokera ku Salima sankhani Chentcherere, chifukwa ndi amene ali pafupi ndi tawuni, kulowera kumene kuli sukulu ya zankhalango ya Malawi College of Forestry and Wildlife. Mphunzi ali kutali, kumadzulo kwa M1 chakumpoto, ndipo amafuna tsiku lakelake. Njira ya ku Chentcherere ndi yafumbi, choncho wokuperekezani afunsiretu dzulo lake ngati kosita ikudutsa.

Zojambulazi zili mitundu iwiri. Zofiira ndi zakale kwambiri: mizere, mikombero ndi timadontho, ndipo zinajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene ankakhala kuno alimi asanachuluke. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, zojambulidwa ndi dothi loyera, ndipo zina ndi za m'zaka za m'ma 1900 momwemu. Zina mwa zoyerazi ndi nyama zotambalala miyendo, zokhudza chinamwali cha atsikana, zimene anamkungwi ankaphunzitsira. Zina ndi zilombo za Gule Wamkulu monga kasiyamaliro. Mapangawa analinso pothawira m'masiku a nkhondo za Angoni ndi a malonda a akapolo. Choncho simukupita kukaona zinthu za anthu achilendo. Ambiri a inu agogo a agogo anu akanazizindikira.

Lowani m'magulu a anthu osapitirira 10, ena adikire kunja. Musagwire khoma, chifukwa thukuta la m'manja limaononga utoto. Musathire madzi pofuna kuti chithunzi chioneke bwino. Musasonkhe moto kapena kusuta pafupi. Mudzaona pena anthu analemba maina awo ndi makala ndi choko pamwamba pa zojambulazo, ndipo zimenezi zimandikwiyitsa kwambiri, chifukwa chimene chakhala zaka mazanamazana chimaonongeka m'mphindi imodzi ndipo palibe angachibwezere. Aphunzitsi, muwaonetse ana malo oonongekawo ndi kuwauza chifukwa chake n'kulakwa. Pali zina zokhudza miyambo zimene wofotokoza sangazinene pagulu la amuna, akazi ndi ana. Akadumpha funso, musamuumirize.

Agogo amene sangakwere atsale pamthunzi ndi munthu mmodzi wa gulu. Zinyalala zonse zibwerere m'basi.

M'tawuni: chakudya ndi msika

Phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, mudzaliona lili pamwamba pa tawuni ndi mitengo yake ya paini. Achinyamata adzapempha kukwera. Akanizeni, chifukwa kupita ndi kubwera kumadya theka la tsiku. Akonze ulendo wina wogona konko.

Dedza Pottery inayamba mu 1987 ndipo ili kunja pang'ono kwa tawuni. Kumeneko amaumba ndi kuotcha makapu, mbale, miphika yamaluwa ndi matailosi, ndipo pa tsiku lantchito mukhoza kupempha kuona mmene dongo limasandukira kapu. Pali malo odyera. Ngati mudye pamenepo, itanitsani chakudya dzulo lake, mitundu iwiri yokha, ndi kunena nthawi yofika, chifukwa anthu 24 aliyense akaitanitsa chake pomwepo maola awiri atha. Ngati thumba silikulola, tengani chakudya chophikaphika kunyumba kapena gwirizanani ndi lesitilanti ya m'tawuni, ndipo mufunsiretu za nyama ya halaal chifukwa cha abale achisilamu. M'sitolo ya zoumba ana ayende manja ali kumbuyo. Chimene mwagula chikulungidwe ndipo chikhale pamiyendo, osati kubuti.

Msika ndi umene umaphwanya ndondomeko. Mbatata ya kachewere, kabichi, karoti, nyemba, anyezi, tomato, ndi mapichesi m'nyengo yake, zonse zili pamtengo umene munthu wa ku Salima sangaupirire. Sankhani msika umodzi, wa m'tawuni kapena wa pa mphambano ya Bembeke. Lizulu ndi wamkulu koma ali kupitirira Masasa, ndipo akutengerani nthawi. Perekani mphindi 30 ndi kunena ola lenileni lonyamukira. Chimene chimathandiza kwambiri n'kusonkheranatu ndalama za mbatata, anthu awiri odziwa kunenerera akagule matumba a gulu lonse, mudzagawane kwathu. Dalaivala ndiye anene kuti katundu wakwana, ndipo mawu ake akhale omaliza, chifukwa thumba lililonse ndi kulemera kumene mabuleki akanyamule pa Khwekhwelere. Pakanjira ka pakati pa mipando pasaikidwe kanthu. Pooloka M1 samalani, magalimoto akuluakulu a ku malire amathamanga.

Kutsika

Pa Masasa imani mphindi zisanu. Werengani anthu, mangani katundu, dalaivala ayese mabuleki. Wapampando akhale pampando wakutsogolo. Mukamva fungo la chinthu chopserera, kapena mukaona basi ikuthamanga injini ili chete, lankhulani nthawi yomweyo: "Adalaivala, chonde tiime kaye mabuleki apume." Palibe chamwano pamenepo. Imani pamalo otakasuka mphindi 20 ndipo musathire madzi pamawilo otentha. Majuzi muyamba kuvula musanafike n'komwe pa Golomoti.

Pa Mua

Kuchoka mu M5 kulowa ku mishoni ndi kamtunda kochepa kokwera. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers, m'dera la Angoni a kwa Kachindamoto, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa pamalopa KuNgoni, malo osungira chikhalidwe ndi kuphunzitsa amisiri osema.

Ola limodzi ndi theka limene muli nalo lipite kwambiri ku nyumba yoonetsera zachikhalidwe ya Chamare. Yambani kunja, kumene makoma ajambulidwa mbiri ya dziko lino. M'kati muli zipinda zofotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa, chinamwali, ukwati mpaka maliro, ndipo muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana, chilichonse ndi dzina lake ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Gule Wamkulu yemweyu UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Gulu la ku Salima limakhala ndi Achewa, Ayao ndi Angoni m'basi imodzi, ndipo n'zokoma kuona aliyense akufotokozera mnzake chipinda cha kwawo.

Nkhani ya zigobayi muikambe muli kwanu, musanalipiritse anthu. Ena chifukwa cha mpingo wawo, ena chifukwa cha mwambo wa kudambwe, sangamasuke kulowa m'chipinda chimenecho kapena kulowetsamo ana awo. Ameneyo asasekedwe ndipo asakakamizidwe. Akhoza kukaona tchalitchi, munda wa mitengo ndi maluwa wa m'mbali mwa mtsinje, kapena amisiri akusema. Za kujambula zithunzi m'kati funsani kaye, ndipo akakana mafoni alowe m'matumba. Ngati mukufuna kuona magule, zimenezo amakonzeratu ndipo zili ndi mtengo wake, choncho muzinene pa foni yoyamba ija.

Ikakwana 4:30 nyamukani, ngakhale wina akadali m'sitolo ya ziboliboli. Chigawo cha M5 chimene chatsala chili ndi maenje, njinga za kabaza zopanda nyali, ngolo, mbuzi ndi anthu obwera kumsika, ndipo ndi bwino kuchidutsa kukuonekabe. Wina wamaso akhale pafupi ndi dalaivala azicheza naye, chifukwa munthuyo wadzuka 4 koloko. Mlembi aimbire makolo ndi a kabaza odzatenga anthu mukangodutsa Chipoka, ndipo ana asatsitsidwe panjira popanda wowalandira.

Mukafika pa Kamuzu Road, yang'anani pansi pa mipando musanalipire theka lotsala la hayala. Mbatata mugawane mawa kukuwala, ndipo pa tsiku lomwelo msungichuma awerenge pagulu ndalama zonse zimene zinalowa ndi zimene zinatuluka, malisiti ali patebulo, zotsala zibwezedwe kwa eni ake.